Anapiye a Alamu ndi Madigiri Khumi ndi Asanu

Lolemba, 8 Julaye

Omwe alipo poyendera khola: ine mwini, akazi anga amake Tiyanjane, alamu anga a Namakhwa, omwe ndi achimwene awo aakulu a akazi angawa, ndi Mayi Muhiwa ogulitsa makala kuseri kwa mjigo.

Anapiye akwanitsa sabata imodzi lero. Tinalandira 60. Alipo 60. Wakufa palibe!

Eni ake:
- alamu, 30, opakidwa jivi, mankhwala a pachilonda aja, pamutu
- Mayi Muhiwa, 20, kyutekisi wofiira wa m'zikhadabo pamwendo
- ine, 10, opanda chizindikiro

Pangano ndi lakuti ndiwalere masabata atatu, nthawi imene mwanapiye amafa ndi chisanu. Kenako aliyense atenge ake, andisiyire mmodzi pa khumi aliwonse. A alamuwo ndi ndiwo za pa chinkhoswe cha mwana wawo mu Ogasiti. "Alamu, nkhuku zimenezi ndalengeza kale kuchimuna," akutero, kenako akubwerezanso ali pakhomo. Ndikuwauza kuti asade nkhawa. Ine pano ndine mkamwini. Khitchini imene muli anapiyeyi yakhala pa dothi la kwawo. Ndikudziwa chimene ndasenza.

Zida zanga: miphika itatu ya makala, mpanda wa makatoni, utuchi pansi, themomita yolendewera pa chingwe, ndi kabuku ka ulimi wa nkhuku ka ku Amereka komwe ndinagula pa mulu wa mabuku akale ku Chonde.

Pamene ena angagwere ndi apa. Kabuku kamawerenga kutentha m'madigiri a Farenihaiti, a F. Themomita yanga ili ndi a Selisiyasi okha, a C. Kutentha ndi kumodzi, mawerengedwe ndi awiri. Lamulo losinthira ndinaliphunzira ku esiteti ya tiyi, nthawi imene ndinkayeza masamba pa sikelo. Kalaliki wa ku fakitale ankalinena ngati nyimbo: chotsa 32, chulukitsa ndi 5, gawa ndi 9.

Kabuku kakuti sabata yoyamba kutentha kukhale 95.
95 kuchotsa 32, 63.
63 kuchulukitsa ndi 5, 315.
315 kugawa ndi 9, 35. Chotsala palibe.

Ndasunga 35 sabata yonse, anapiye ndi awa akuthamangawa.

Tsopano kabuku kakupitiriza kuti sabata iliyonse tizitsitsa ndi 5. Munthu wopupuluma angangochotsa 5 pa themomita yake. Ine ayi. 5 ameneyu ndi wa F, ayambe wasinthidwa.
5 kuchotsa 32. Sizitheka, ndipo pobwereka palibe. Ndikutembenuza, yaing'ono ichoke mu yaikulu: 27.
27 kuchulukitsa ndi 5, 135.
135 kugawa ndi 9, 15. Chotsala palibenso!

Samu ikatuluka yoyera chonchi ine ndimaikhulupirira. 35 kuchotsa 15, 20. Sabata ino anapiye akhala pa 20.

Ndikutulutsa miphika iwiri, kusiya umodzi. Makala apulumukanso. Amake Tiyanjane akupaka jivi watsopano pa mitu ya anapiye a alamu, poti wakale wazilala. Akuyang'ana kunja, akuyang'ana ine. "Phiri lavala chipewa, inu mukutulutsa moto?" Ndikuwaonetsa samu. Akuti manja awo ali ndi jivi.

Madzulo. Ndaimika chikwangwani pa njira yopita ku Chinakanaka. Ndi theka la chitseko chakale: TIMALERA ANAPIYE MWA SAYANSI. Zilembo zakwana bwinobwino, kupatula I womaliza yemwe wakhotera pansi.

Lachiwiri, 9 Julaye

Chiperoni! Phiri silikuoneka, mjigo sukuoneka, mawawa okhaokha. Ndavala majekete awiri.

Themomita m'khola: 20. Ndendende. Si aliyense angaimitse kamzere kofiira pamalo amodzi m'nyengo yotere.

Anapiye asintha khalidwe. Sabata yatha ankabalalika paliponse, aliyense payekha. Lero onse ali pa mulu umodzi pafupi ndi mphika, wina pamwamba pa mnzake. Akulira kwambiri, mosalekeza. Ndikuona ngati akukula, mawu ayamba kutuluka.

Zoona lero:
- chakudya sichikutha
- madzi sakumwedwa
- phokoso likumveka mpaka kuchimbudzi
- akufa 2, onse apansi pa mulu

Awiriwo ayenera kuti anabadwa ofooka. Kabuku kakunena kuti zotere zimachitika. Atsala 58.

Chovuta china: m'mulu muja jivi wa dzulo wapakana. Chinyezi chathandizira. Tsopano anga khumi aja ali ndi jivi pamsana, pamapiko, wina pamlomo. Akufawo sindikudziwa ngati ndi anga kapena a alamu. Ndalemba kuti "a jivi". Tidzalekanitsa bwino nthenga zikamera.

Masana. Ndabwera kuchokera kokadula udzu wa mbuzi, themomita ili pa 27! Ndikufufuza. Kuseri kwa katoni kuli mbaula ya amake Tiyanjane, makala ali ngwee. Ndaitulutsa mwaulemu, ndatsegula chitseko pang'ono mpaka kamzere kabwerera pa 20. Sindinakalipe. Ndangofotokoza kuti ntchito ya sayansi simalola manja awiri.

"Inu mwavala majekete angati?" akufunsa.

Funso limeneli silikukhudzana ndi nkhuku.

Mayi Muhiwa asuzumira madzulo. Aima pakhomo, akuyang'ana mulu wa anapiye. "Bambo a Tiyanjane, ana angawa ali pa mapemphero?" Ndikuwawerengera samu yonse kuyambira pa 95, pang'onopang'ono. Akumvetsera mpaka kumapeto. "Manambala ndamva. Koma kulira kumeneku ndinakumvapo, chaka chomwe nkhuku yanga inadyedwa ndi galu n'kusiya ana."

Apita osatsanzika bwino. Anthu amaopa zachilendo. Sabata yatha yomweyi ankati themomita ndi ya kuchipatala, idwalitsa nkhuku.

Mawa adzazolowera. Anapiyewo, ndi anthu omwe.

Lachitatu, 10 Julaye

Chiperoni chikupitirira. Themomita: 20. Akufa: 3, a jivi onse. Atsala 55.

Ndabwereza samu kawiri, kachiwiri ndi pensulo yosongoka. 27, 135, 15. Siikusuntha.

Mayi Muhiwa abwera ndi beseni ndi chitenje. Sanafunse kuti mwadzuka bwanji. Agwada, akutola mmodzimmodzi, kuyang'ana mwendo. Awo onse 20 ali moyo. Ndaona kuti a kyutekisi amakhala pamwamba pa mulu nthawi zonse, monga eni ake pa mzere wa ku mjigo.

"Akagona pafupi ndi mbaula yanga. Ine sayansi ndilibe, makala ndiye ndili nawo."

Ndawakumbutsa mofatsa kuti pangano linali masabata atatu. Ayankha kuti pangano linali la anapiye amoyo. Malipiro anga a anapiye awiri apita m'beseni momwemo. Atsala 35.

Masana. Alamu afika, jekete lachikopa, nkhope yosaseka. Amva kumjigo. Ndawapatsa mpando, ndawapatsa pepala langa.

"Pepala la chiyani masiku ano? Foni ili pano."

Ndi foni yaikulu ija anawatumizira mwana wawo wa ku Joni. Ili ndi posinthira madigiri. Alemba 95. Yatulutsa 35. Ndakhosomola pang'ono kuti amake Tiyanjane amve kukhitchini. Alemba 5.

"Ee! Taonani kuno, alamu. Fifitini yemweyo, koma ali ndi kamzere kutsogolo. Mayinasi! Inu kamzere munakasiya kuti?"

Zoona, kamzere kalipo. Ife ku Sitandade 8 timizere timeneti sitinafikepo. Alamu anafika Fomu 2.

"Kuchotsa mayinasi ndi kuphatikiza. Mwana aliyense wa kusekondale amadziwa. 35 kuchotsa mayinasi 15, ndiye kuti 50. Inu mwakhala mukuwaumitsa ana anga ndi chisanu, pamene buku likufuna moto!"

Ndapepesa. Koma kunena zoona mtima wanga wakhala pansi. Taonani:
- 35 wanga, foni yamuvomereza
- 15 wanga, foni yamuvomereza
- ndinangolakwitsa kolowera

Ndipo zikumveka. Mwanapiye akamakula thupi limakula, thupi lalikulu lifuna moto wambiri. Mphika waukulu suwira ndi nkhuni za mphika waung'ono. Ndikudabwa kuti sindinaganize zimenezi Lolemba.

Alamu anyamuka okondwa, foni m'thumba la pachifuwa. "Fifite, alamu. Osati fote-naini. Ndibweranso Loweruka."

Themomita yanga imathera pa 50 penipeni. Ngakhale amene anaipanga ankadziwa.

Zofunika mawa:
- miphika ina iwiri
- thumba la makala
- masaka otsekera mawindo
- mtima wabwino wa amake Tiyanjane

Makala ndakatenga kwa Mayi Muhiwa, odzabweza. "Makala tengani. Anapiye musawatchulenso."

Madzulo ano ndabwezera miphika iwiri ija, yakwananso itatu. Mulu wabalalika, kulira kwatha, akudya ngati dzombe. Umboni woti tikulowera koyenera. Ngati 35 akuwasangalatsa chonchi, nanga 50!

Lachinayi, 11 Julaye

Tsiku la 50!

M'khola muli miphika itatu yanga, mbaula, mphika wa madzi osamba, ndi mphika waukulu wa amake Tiyanjane wophikira nyemba za kalongonda. Womalizawu ndaubwereka iwo ali kumjigo. Umazolowera moto wa tsiku lonse, suona chachilendo.

Masaka pa mawindo. Nsanza pansi pa chitseko. Ndasiya kampata kumwamba kotulukira utsi.

Themomita: 38. Kenako 41. Kenako 43.

Ndavula jekete loyamba. Ndavula lachiwiri. Ndavula malaya. Kunja anthu akuyenda atafunda mabulangete, ine ndili m'vesiti, thukuta kamukamu.

Anapiye:
- palibenso mulu
- palibenso kulira, zii!
- onse ali m'mphepete mwa mpanda, kutali ndi miphika
- milomo yasamula, mapiko atambasula
- madzi ndathira katatu, akutha

Dzana sankamwa madzi, lero akumwa. Dzana ankapanikizana, lero aliyense ali ndi malo ake. Ndikulemba izi kuti amene ankaseka adzawerenge.

Khoma la khitchini latentha mpaka kunja. Galu wa alamu wagona potsamira khomalo. Azimayi awiri abwera kudzayanika matewera ndi mayunifolomu omwe akhala osauma chiyambire chiperoni. Mmodzi akufunsa ngati tayamba kuphika masikono. Ndamulozera chikwangwani.

Mutu ukundipweteka pang'ono. Ndi maganizo.

Masana. 44. Yakana kupitirira. Tatsala ndi 6. Ndikupemerera ndi chivundikiro cha ndowa, ndikuwonjezera makala mu mphika wa kalongonda mpaka pakamwa.

Amake Tiyanjane aima kunja. "Bambo a Tiyanjane, mphika wanga uli kuti?" Ndayankha kuti uli pa ntchito.

Madzulo. Ndilemba mwachidule.

Mphika wa kalongonda wasweka. Phwaa! Pakati penipeni. Makala pa utuchi. Utuchi wayamba kufuka, katoni imodzi yagwira moto. Ndathira madzi akumwa a anapiye, ndathira tiyi wanga, ndapondaponda ndi patapata. Patapata wasungunuka. Anapiye adumpha mpanda pomwe panapsapo, ali m'khitchini monse, wina m'thumba la ufa.

Chitseko chatseguka ndi mwendo. Ndi amake Tiyanjane. Amasula chitenje chapamwamba, atolera anapiye ngati akutola mango, kulankhula nawo okha: "Bwerani kuno, ana a eni ake, bwerani musanathe." Azimayi a matewera athandiza. Galu wathandizanso, koma tamuletsa msanga.

Akufa: 3. Atsala 32.

Moto wazima. Denga lili bwino. Themomita ili bwino, ndinaitulutsa poyamba.

Vuto la lero si samu. Ndi mphika. Unali wakale.

Lachisanu, 12 Julaye

Anapiye agona kuchipinda kwathu, m'katoni yaikulu, pamodzi ndi mabotolo a madzi ofunda okulungidwa m'nsanza. Ine ndaloledwa kulowa. Themomita ayi.

Kadzutsa ndadya makaka ozizira a dzulo, chinangwa chouma chophika. Palibe amene wandifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Poti ndilibe chochita, ndikukonzeratu ndondomeko ya masabata akubwera, ndidziwe makala ofunika. Kuphatikiza 15 sabata iliyonse, monga alamu anenera:
- sabata yachiwiri, 50
- yachitatu, 65
- yachinayi, 80
- yachisanu, 95
- yachisanu ndi chimodzi, 110

Ndayang'ana mndandandawu nthawi yaitali. Madzi amawira pa 100, izi ndikuzidziwa kuchokera ku fakitale. Ndiye kuti pofika pa chinkhoswe nkhuku za alamu zidzakhala zitapsa kale. Kudzangofunika mchere.

Ndayesanso njira yanga ya Lolemba, yochotsa 15: 20, kenako 5, kenako sizitheka. Sabata yachinayi nkhuku zili mu ayisi.

Njira ina ikuthera mu mphika, ina mu filiji. Samu zonse ziwiri n'zoyera, zopanda chotsala. Penapake pali chinthu. Sindikuganiza kuti ndi ine, koma chilipo.

Masana. Ndapita kwa alamu ndi mndandanda, phazi lakumanzere lili mu patapata wa amake Tiyanjane. Ndawapeza akusoka thumba pakhonde. Za moto amva kale. Mudzi wonse wamva, ena amva kuti nyumba yonse yapsa.

Ndawaonetsa 110, mwaulemu, ndi manja awiri.

"Ine ndinangowerenga zimene foni inalemba. Wokoleza moto anali ndani?"

Ndati anali ine.

"Wosankha buku la ku Amereka anali ndani? Mwina nkhuku za kumeneko n'zolimba. Mwaphera ana anga pa buku la eni ake."

Ndinafuna kutchula za Fomu 2. Ndayang'ana mango omwe ndimadya, nsungwi zomwe ndimadula, munda omwe ndimalima. Zonse za kwawo. Ndati zikomo, ndanyamuka.

Akazi awo andiperekeza mpaka pa mpanda. "Alamu, musadandaule. Iwowa foni imeneyi anaigwiritsapo pothira feteleza, chimanga chinapsa mizere isanu." Ndathokoza. Sindilemba zimenezi pena paliponse kupatula muno.

Madzulo. Amake Tiyanjane ali kosamba. Ndalowetsa themomita m'dzanja la jekete, ndaitsitsira m'katoni, ndawerenga pamtima mpaka kamzere kaima.

29.

Nambala imeneyi siichokera mu samu iliyonse. Si 20, si 35, si 50. Anapiye agona mobalalika, ena akudya, wina akudzikanda. Sakudziwa kuti ali pa nambala yopanda maziko.

Ndidzalipeza yankho. Lamulo la kalaliki uja silinayambe landinamiza.

Loweruka, 13 Julaye

Chakudya cha anapiye chatha, china chinanyowa pozimitsa moto. Ndatumidwa ku Chonde. "Mukagule chakudya chokha. Mukaona mulu wa mabuku muwoloke msewu."

Mu shopu ya zaulimi mayi wogulitsa akuyeza m'ndowa, pa sikelo yolendewera. Ndapempha makilo asanu. Wathira mpaka muvi wapitirira pang'ono, akuti theka la kilo ndi la ndowa. Bwino, ndi mmene tinkachitira ku esiteti: masamba ndi dengu lomwe, kenako kuchotsa dengu. Ndasanthula m'thumba, ndalama sizikukwana. Ndati achepetse kilo imodzi. Watapa ndi mbale mpaka muvi wabwerera ndi kilo imodzi. Basi, akumanga jumbo.

Ndafunsa, mwachizolowezi chabe: "Ndowa simuchotsanso?"

"Ndichotse kangati, bambo? Kilo ndatapayi ili m'ndowa yanji?"

Ndaima. Anthu akundikankha kumbuyo, ine ndaima.

32 uja ndi ndowa!

Madzi akamaundana, C amati 0, F amati 32. Ndiye kuti F amayamba kuwerenga atanyamula kale ndowa yake. 95 ndi katundu yense, ndowa ili momwemo, n'chifukwa chake timachotsa 32. Koma 5 uja si katundu wapasikelo. Ndi mbale yotapa. Alibe ndowa! Ine ndinachotsa ndowa pa chinthu chopanda ndowa. Foni nayo inachita chimodzimodzi, poti alamu anaifunsa funso langa lomwelo.

Ndabwereka cholembera kwa mayiyo, ndalemba pa mkono:
5 kuchulukitsa ndi 5, 25. Kugawa ndi 9, 2, kutsala 7. Pafupifupi 3.
35 kuchotsa 3, 32.

Ndayesanso njira ina, kutapa kaye kenako kusintha:
95 kuchotsa 5, 90. Kuchotsa 32, 58. Kuchulukitsa ndi 5, 290. Kugawa ndi 9, 32, kutsala 2.

Njira ziwiri zakumana pa 32. Zonse zili ndi chotsala. Zandiwawa pang'ono kuti yankho loona n'losayera chonchi.

Zina zomwe ndazindikira ndili pa kabaza:
- lamulo la kalaliki silinaname, monga ndinanenera
- munthu wopupuluma uja, wongochotsa 5, akanakhala pa 30, anapiye ake onse amoyo
- amake Tiyanjane ndi 29 wawo alakwitsa ndi 3. Sindiwauza.

Ndamuuza wakabaza apalase mwamphamvu. Ndatsika njinga isanaime. "32! Amake Tiyanjane, ndi 32!"

Ali pakhonde akusenda makaka. "Inde, 32. Achimwene awerenga okha."

Katoni ili pabwalo, chafufumimba.

Alamu anabwera ndili ku Chonde, ndi ndowa ziwiri. Anati aliyense wa jivi ndi wawo. Onse ali ndi jivi chiyambire Lachiwiri. Amake Tiyanjane akuti anawakumbutsa kuti anagula 30 okha. Anayankha kuti awiri apamwambawo ndi chipepeso.

"Ndi achimwene anga, bambo a Tiyanjane. Ndikanawagwira mwendo?"

Ndawaonetsa mkono wanga, samu yonse. Ayang'ana bwinobwino, koyamba sabata ino. "Mukasambe. Madzi ndatenthetsa mu ketulo, poti mphika wa madzi uli ndi makala."

Makilo anayi a chakudya cha anapiye ndawaika pa alumali.

Lamlungu, 14 Julaye

Dzuwa latuluka. Phiri lonse likuoneka, mpaka mathithi.

Kutchalitchi anthu andipatsa moni wambiri kuposa masiku onse. Wina wafunsa ngati ndingamuumitsire chimanga. Mayi Muhiwa akuti awo 20 ali bwino, amera timapiko.

Potuluka alamu andikuwira patali, anthu akumva: "Sayansi yadzuka bwanji, alamu?" Ndati yadzuka. Anthu atabalalika andikokera kuseri kwa mtengo wa peyala. Mawu atsika. "Mawa alowa sabata yachitatu. Ndiwaike pa zingati?"

Ndawerengera pamtima. 85 kuchotsa 32, 53. Kuchulukitsa ndi 5, 265. Kugawa ndi 9, 29, kutsala 4.

29. Ndiye kuti amake Tiyanjane anangofulumira ndi masiku ochepa. Izinso sindiwauza.

Alamu akuti ndiwabwereke themomita mawa m'mawa, ndi chakudya chija, poti kwanga kulibe wodya. Ndavomera. Pa chinkhoswe andipatsa ntchito yoyang'anira moto. Sindikudziwa ngati ndi ulemu.

Chikwangwani chazulidwa. Chili pabwalo, zilembo pansi, payanikidwa makaka.

Masana. Ndasesa khola, ndathira utuchi watsopano, ndasoka mpanda pomwe panapsa. Ndakoleza miphika iwiri, wachitatu theka. Ndapachika themomita. Kamzere kakwera pang'onopang'ono, kaima pa 32. Kakhala pomwepo masana onse, osagwedezeka. Sindinayambe ndasungapo kutentha bwino chonchi.

Mphaka walowa, wazungulira, wagona pakati penipeni, miyendo tambasu. Sakulira, sakuyasamula. Amake Tiyanjane asuzumira, abwera ndi tiyi makapu awiri, akhala pa chigubu. "Muno ndiye mukukoma," akutero. Ndangoti ndi 32.

Lamulo limati chotsa 32. Alamu achotsa 32. Kwawo kuli 32, kwanga kuli 0. Kabuku ndi themomita zikugwirizana kuti ndi chimodzimodzi.

Zotsala:
- alamu ali ndi anapiye anga 2. Sindikawafunsa.
- kwa Mayi Muhiwa ndibweze thumba limodzi la makala.
- kwa amake Tiyanjane, mphika umodzi wa kalongonda ndi patapata mmodzi, wa kumanzere.